Nthabwala za Msilikali Paulendo: Kuchokera pa Kanema Kufika pa Bwalo la Mganda ku Chitala

Pakati pa mafilimu onena za asilikali pali kagulu kena kamene sikatchuka kwenikweni. Awa ndi mafilimu oseketsa amene nkhani yake yonse imachitikira pamsewu. Asilikali ake sakhala kunkhondo, sakhalanso kukampu. Amakhala atatumidwa kuperekeza mkaidi, kunyamula maliro a mnzawo, kapena ali patchuthi akubwerera kwawo, ndiye amakwera basi, sitima kapena galimoto yahayala, n'kumakumana ndi anthu wamba m'mabala, m'masiteshoni ndi m'nyumba zogona alendo. Mfuti imaoneka ndithu, koma nthawi zambiri imangokhala m'chiuno. Choseketsa chimakhala munthu wozolowera kulamulidwa akapezeka pamalo pamene palibe womulamula.

Mafilimu otere ambiri anapangidwa ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa, ndipo angapo mwa abwino kwambiri anaiwalika msanga. Komabe nthabwala zake si zachilendo m'dera la Chitala ndi m'midzi ina ya boma la Salima, kumene kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO, ndiponso kumene amuna akhala akuvina mganda ndi beni, magule otsanzira perete wa asilikali, kwa zaka pafupifupi 100.

Maziko a nkhani yamtunduwu

Nkhani yotere imaima pa zinthu zitatu. Choyamba ndi lamulo lokhala ndi tsiku lake: mkaidi akafike kundende sabata isanathe, kapena msilikali akaonekere kukampu tchuthi chake chikatha. Popanda tsikulo ulendo ukanakhala wongoyendayenda. Chachiwiri ndi mtunda wautali wokhala ndi malo ambiri oimapo, chifukwa pa malo alionse pamabuka vuto latsopano. Chachitatu ndi anthu amene sakanayendera limodzi pakanapanda yunifolomu. Kawirikawiri amakhala atatu: wamkulu wapakamwa amene ntchito inamukwana kalekale, wofatsa amene amaopa kuphwanya lamulo chifukwa cha penshoni, ndi mnyamata wosadziwa za dziko.

Kaganizidwe kameneka kanayamba m'mabuku kanema asanakatole. Wolemba wa ku Czechoslovakia, Jaroslav Hašek, anatulutsa buku lonena za msilikali Švejk m'zigawo kuyambira 1921 mpaka 1923. M'bukumo muli chigawo chachitali pamene Švejk watsitsidwa m'sitima, n'kuyamba kuyenda pansi kufunafuna gulu lake. Amangozungulira m'midzi, mpaka wapolisi wina kumuyesa kazitape wa adani. Švejk sakana lamulo lililonse. Amamvera mopitirira muyeso, ndipo kumverako n'kumene kumaonetsa kupusa kwa malamulowo. Opanga mafilimu ambiri atsata njira yomweyi, yoseka dongosolo la usilikali pogwiritsa ntchito munthu amene akuyesetsa kulitsata.

The Last Detail, filimu imene ena anatengerako

Filimu imene imatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi The Last Detail ya mu 1973. Anaitsogolera ndi Hal Ashby, ndipo Robert Towne analemba mawu ake kuchokera m'buku la Darryl Ponicsan la mu 1970. Asilikali awiri a pamadzi, Buddusky ndi Mulhall, omwe mbali zawo anasewera Jack Nicholson ndi Otis Young, akutumidwa kuperekeza mnyamata wa zaka 18, Meadows, kuchokera ku Norfolk m'chigawo cha Virginia kupita kundende ya asilikali ya Portsmouth. Mnyamatayo, yemwe mbali yake anasewera Randy Quaid, wagamulidwa kukhala m'ndende zaka 8 chifukwa chofuna kuba madola 40 m'bokosi la zopereka zothandiza odwala poliyo. Chilango chakula chotero chifukwa bokosilo linali la bungwe limene mkazi wa mkulu wa kampuyo ankalikonda.

Poyamba operekezawo akufuna kukamutula msanga kuti ndalama zapaulendo zotsala akadyere okha. Koma ataona kuti mnyamatayo sanalawepo chilichonse m'moyo, asintha maganizo. Pamalo ena odyera, Meadows apatsidwa chakudya chosakonzedwa mmene anafunira, iye n'kungokhala chete. Buddusky aumirira kuti chibwezedwe. Ku Washington amugulira mowa n'kumamwera m'chipinda cha hotela, uku akumuphunzitsa kulankhula ndi manja mmene asilikali a pamadzi amachitira ndi mbendera. Apatukira ku Camden kuti akatsanzike mayi ake, koma apeza palibe munthu, m'nyumba muli mabotolo okhaokha. Ku New York achita ndewu ndi asilikali a gulu lina m'chimbudzi cha pasiteshoni. Ku Boston, tsiku lomaliza, awotcha masoseji panja kukugwa chisanu choopsa, buledi ataiwala kugula.

Pamenepo ndi pamene nkhani imatembenuka. Meadows, yemwe tsopano waphunzira kudziimira, atsanzika ndi manja aja anamuphunzitsa n'kuliyatsa liwiro. Buddusky amuthamangitsa, amugwira, n'kumumenya ndi mfuti mpaka kumuvulaza. Munthu yemwe anamuphunzitsa kukonda ufulu ndi yemweyo akumupereka kundende. Kumeneko operekezawo akalipiridwa ndi bwana wachinyamata, ndipo abwerera ali kung'ung'udza. Palibe wapulumuka, palibe lamulo lasintha.

Nicholson analandira mphoto ya wosewera bwino ku Cannes mu 1974, ndipo iye, Quaid ndi Towne anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Oscar. Ngakhale zinali choncho, filimuyi inaphimbika ndi mafilimu ena a Nicholson amene anabwera motsatizana, Chinatown mu 1974 ndi One Flew Over the Cuckoo's Nest mu 1975.

Mafilimu ena a m'gulu lomweli

Mu 1994 Dennis Hopper anapanga Chasers, momwe Tom Berenger ndi William McNamara akuperekeza mkaidi amene akupezeka kuti ndi mkazi, Erika Eleniak, wodziwa kuzemba. Iyi inatsamira pa nthabwala zopepuka za kugwa m'maenje ndi kuonongeka kwa galimoto, ndipo anthu sanaithamangire. Inakhala filimu yaitali yomaliza imene Hopper anatsogolera.

The Lucky Ones ya Neil Burger, ya mu 2008, ndi ya asilikali atatu ovulala ochokera ku Iraq amene afika ku New York n'kupeza ndege zaimitsidwa chifukwa cha kuzima kwa magetsi. Achita hayala galimoto imodzi kulowera ku St. Louis mpaka ku Las Vegas. Wamkulu, Tim Robbins, apeza mkazi wake akufuna ukwati uthe, mwana akufuna ndalama za kuyunivesite. Mtsikana, Rachel McAdams, wanyamula gitala la bwenzi lake lomwe linafera kunkhondo kuti akapereke kwa makolo ake. Wachitatu, Michael Peña, wavulala malo obisika ndipo akuopa kukaonana ndi chibwenzi chake. Kulikonse kumene afika anthu akuwathokoza ndi pakamwa, koma palibe amene akufuna kumva zimene anaona.

Last Flag Flying ya Richard Linklater, ya mu 2017, inachokera m'buku lina la Ponicsan yemwe uja. Nkhani yake ikuchitika mu Disembala 2003. Amuna atatu amene anali limodzi ku Vietnam, Steve Carell, Bryan Cranston ndi Laurence Fishburne, akumananso kuti aperekeze maliro a mwana wa mmodzi wa iwo, wophedwa ku Iraq. Bamboyo atamva kuti boma lamunamiza za mmene mwanayo anafera, akana kuti akaikidwe kumanda a asilikali a Arlington, ndipo atenga bokosi pa lole kenako pa sitima kupita nalo kwawo. M'njira madalawa akuseka zakale, akukangana za Mulungu, akugula mafoni a m'manja kwa nthawi yoyamba.

Ku South Africa, Kanarie ya Christiaan Olwagen, ya mu 2018, ikunena za mnyamata wolembedwa usilikali mokakamiza m'zaka za m'ma 1980, amene alowa kwaya ya asilikali yoyendayenda m'matauni kuimba m'matchalitchi. Koma asilikali oseketsa amene anthu ambiri a ku Malawi anawaonapo ndi a mu The Gods Must Be Crazy II ya Jamie Uys, ya mu 1989. Mmenemo msilikali wa ku Cuba ndi wa ku Angola asochera m'chipululu cha Kalahari, n'kumangogwirana ukaidi mosinthanasinthana, mfuti ikachoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo.

Chifukwa chake amaiwalika

Chifukwa choyamba n'chakuti mafilimuwa sakwanira bwino m'gulu lililonse. Wofuna nkhondo amapeza anthu akungocheza m'sitima. Wofuna kuseka amadzidzimuka ndi bokosi la maliro. Otsatsa malonda amasowa chojambula pa chikwangwani.

Chachiwiri ndi nthawi imene amatulukira. The Last Detail inatuluka anthu a ku America atatopa ndi nkhondo ya ku Vietnam, ndipo The Lucky Ones inatuluka pamene mafilimu ambiri okhudza Iraq ankalephera pamsika. Anthu amene akumva za maliro a asilikali pa wailesi tsiku ndi tsiku salipira kuti akazionerenso.

Chachitatu ndi chilankhulo. Asilikali akakhala paokha amatukwana, ndipo kampani ya Columbia inazengereza ndi The Last Detail chifukwa cha mawu otukwana ochuluka. Akuluakulu a asilikali a pamadzi sanafune kuthandizapo, moti mbali yaikulu inakajambulidwa ku Toronto, m'dziko la Canada. Izi zimasiyana ndi mafilimu otamanda usilikali, amene amabwerekedwa ndege, zombo ndi makampu.

Chachinayi ndi mathero. Mkaidi amalowa m'ndende, maliro amaikidwa, ovulala amabwerera kunkhondo. Umboni woti mathero ndi ofunika ukupezeka ku France, kumene La Grande Vadrouille ya Gérard Oury, ya mu 1966, inagulitsa matikiti oposa 17 miliyoni. Mmenemo Louis de Funès ndi Bourvil akuthandiza asilikali a ndege a ku Britain kuthawa Ajeremani. Mdani ndi wodziwika, nthabwala ndi zooneka ndi maso, ndipo onse apulumuka. Filimu ikaseka mdani imayenda malonda. Ikaseka malamulo a gulu lake lomwe, imavuta kugulitsa.

Mmene kanema anafikira kumidzi

Chitala ali kumpoto chakumadzulo kwa boma la Salima, ndipo amadziwika ndi malo a kafukufuku wa zaulimi, makamaka thonje ndi mtedza. Kumalo ngati amenewa kanema anayamba kufika pa galimoto. Pakati pa 1935 ndi 1937, ntchito yoyesera yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, yotsogoleredwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, inayendetsa lole yokhala ndi makina oonetsera kanema m'maiko a Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda. Kuyambira 1948 bungwe la Central African Film Unit, lomwe linali ku Salisbury, linkapanga mafilimu ophunzitsa, nthawi zambiri oyerekeza munthu wochenjera ndi wopusa, ndipo wopusayo ndi amene ankaseketsa anthu.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kunachitika chinthu chofanana kwambiri ndi nkhani za m'mafilimu aja. Akuluakulu a asilikali a Britain kum'mawa kwa Africa anakhazikitsa gulu la asilikali achiafirika loyendayenda pa malole, lotsogoleredwa ndi Alec Dickson, yemwe pambuyo pake anayambitsa bungwe la VSO mu 1958. Gululi linayendera Nyasaland mu 1943. Likafika pabwalo linkaonetsa masewera olimbitsa thupi, zida, wailesi, timasewero ndi kanema, pofuna kukopa anyamata kuti alembetse usilikali ndi kutsimikizira makolo kuti ana awo akusamalidwa. Anali asilikali enieni, ali paulendo weniweni, ntchito yawo ili yosangalatsa anthu.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, galimoto zachikasu za unduna wa zamalimidwe zinapitiriza mwambowu poonetsa kanema ndi masewero a zidole m'midzi. Lamulo loona za mafilimu ndi zosangalatsa la mu 1968 linapatsa boma mphamvu yodula kapena kuletsa filimu iliyonse, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mochedwa, mu 1999. Mpata umenewu unadzazidwa ndi mavidiyo a pamalo ochitira malonda: kachisakasa ka mabenchi, jenereta kapena batire la sola, sipika panja, ndi bolodi lolembapo filimu ya tsikulo. Msilikali amene ankalamulira m'zisakasazi anali Rambo wa Sylvester Stallone, Commando wa Arnold Schwarzenegger wa mu 1985, ndi Chuck Norris wa mu Missing in Action. Filimu yodalira macheza a Chingerezi cha m'makampu a ku America sikanapikisana ndi amenewa.

Zinthu zinasintha pamene anyamata a m'matauni anayamba kumasulira mafilimu m'Chichewa n'kumawagawa pa madisiki ndi mamemore khadi. Omasulirawa samangotsata mawu. Amapatsa asilikali mayina achimalawi, amatcha nkhalango za ku Asia mayina a malo akuno, ndipo amaikamo nthabwala pamene mwini filimu sanaikepo. Motero filimu yankhondo yoopsa imasanduka yoseketsa, zomwe zikusonyeza kuti oonera a kuno amakonda kumva msilikali akudandaula za njala, nsapato yothina ndi bwana wovuta.

Maulendo a msilikali wa ku Malawi

Mbiri ya usilikali m'dziko lino ndi mbiri ya maulendo. Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, yomwe anthu ankaitcha ya Chiwaya, amuna pafupifupi 19,000 analowa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu wankhondo mitunda yaitali. Ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Wolemba mbiri Melvin Page anasonkhanitsa zokumbukira za anthu amenewa m'buku lake la The Chiwaya War.

Pa nyanja ya Malawi nkhondo yomweyo inayamba ndi chochitika chimene mpaka lero chimasimbidwa moseketsa. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuwombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda kukonzedwa. Kaputeni wa Ajeremani, Berndt, anali mnzake wa Rhoades womwa naye limodzi, ndipo uthenga woti nkhondo yayamba unali usanamupeze. Zimasimbidwa kuti anapalasa bwato ali wolusa kukafunsa mnzakeyo ngati waledzera, n'kungopezeka wagwidwa ukaidi. Mfuti ya Guendolen ikuonekabe ku Mangochi.

Pa nkhondo yachiwiri amuna oposa 25,000 a ku Nyasaland analowa usilikali. Anamenya nkhondo ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, mu 1940, ndipo dzinali linapatsidwa kampu ya asilikali ya ku Mzuzu. Anafika ku Somaliland, Madagascar, Ceylon ndi Burma, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ena anatumizidwa ku Malaya. Njanji inali itafika ku Salima mu 1935, ndipo Salima anakhala pokwerera ndi potsikira pa anthu a m'chigawo chapakati mpaka njanji itapitirira ku Lilongwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Obwerako kunkhondo ankatsika ndi mabokosi, majasi ndi nkhani za sitima zapamadzi, mpunga wa ku Asia ndi azungu oopa mfuti ngati munthu wina aliyense. Pambuyo pa ufulu asilikali a Malawi analondera njanji ya Nacala ku Mozambique kuyambira 1987, ndipo agwira ntchito yosungitsa mtendere ku Côte d'Ivoire ndi ku Democratic Republic of Congo.

Mganda, beni ndi malipenga

Nkhani za obwera kunkhondo sizinalowe m'makina a kanema. Zinalowa m'magule. Beni anayambira m'matauni a Aswahili m'mphepete mwa nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890, ndipo anafalikira ndi asilikali ndi amtengatenga a nkhondo yoyamba. Terence Ranger analemba mbiri yake m'buku la mu 1975. Ku Malawi guleyu anabala mitundu itatu: beni pakati pa Ayao a ku Mangochi, Machinga, Zomba ndi mbali zina za Salima, malipenga pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a ku Rumphi ndi Karonga, ndi mganda pakati pa Achewa a ku Dowa, Ntchisi, Kasungu, Nkhotakota, Lilongwe ndi Salima. Ku migodi ya Zambia kunatchuka kalela, yemwe J. Clyde Mitchell anamufotokoza mu 1956.

Gulu la mganda limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi maudindo otengera usilikali ndi utsamunda, monga kingi, kaputeni, sajeni ndi dokotala. Ovina amaima m'mizere atavala malaya oyera ositidwa bwino, makabudula kapena mathalauza ofanana, masokosi aatali, ena tayi ndi kampango m'manja. Pakati pamakhala ng'oma yaikulu ndi yaing'ono. Ovina amaimbira m'mabadza, zikho zouma zoboola zimene pakamwa pake amamatapo nembanemba ya kangaude kapena kapepala kapulasitiki, kuti mawu azimveka ngati malipenga a bandi ya asilikali. Wotsogolera akaliza wenzulo, mzere wonse umatembenuka nthawi imodzi. Kaputeni amayendera mizere nkhope ili gwa, dokotala amayang'ana ukhondo wa ovina, ndipo sawatcha amaperekedwa mokokomeza mpaka amayi oonerera kugwa nacho chiseko.

Ulendo ndi mbali ya gule ameneyu. Nyengo yokolola ikatha, boma lina limaitana linzake, ndipo oitanidwa amanyamuka ndi ng'oma zawo, zovala zitapindidwa bwino kuti zisade, kuyenda pansi, pa njinga kapena pa lole kupita kumudzi wina. Kumeneko amalandiridwa, kuphikiridwa, n'kupikisana pa kavalidwe, kaimbidwe ndi kaponyedwe ka mwendo. Nyimbo zake zimanyoza boma lopikisana nalo, zimadzudzula makhalidwe oipa a m'mudzi, ndipo zina zimakumbutsa mavuto a kunkhondo. Zonse zitatu zimene zimamanga filimu ya asilikali apaulendo zilipo: tsiku loikika, mtunda, ndi anthu osiyana mitima omangidwa ndi yunifolomu imodzi.

Akatswiri akhala akusiyana maganizo pa tanthauzo la magulewa. Ena amati ndi chipongwe chobisika, njira imene anthu olamulidwa ankasekera atsamunda pamaso pawo popanda kumangidwa. Ena amati ndi kusirira, kufuna kuonetsa kuti mnyamata wa kumudzi angathe ukhondo, dongosolo ndi zamakono kuposa mzungu. Ranger anatsindika za mpikisano pakati pa magulu a anthu akuda okhaokha. Woonerera mganda amapeza kuti zonsezi zimayendera limodzi. Wovina amanyadira mzere wowongoka, koma amadziwanso kuti mfuti yake ndi ndodo ndipo lipenga lake ndi chikho. Kusakaniza ulemu ndi chiseko kotereku n'komwe kumapezekanso mu The Last Detail ndi Last Flag Flying.

Mwayi ndi zopinga kwa opanga mafilimu a ku Malawi

Mafilimu a ku Malawi amene atchuka akhala akunena za banja, umphawi, chilungamo ndi moyo wa m'tauni. Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ya mu 2012 yonena za asodzi ndi alendo okaona nyanja, ndi The Road to Sunrise ya mu 2017. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inapata mphoto ya Africa Magic mu 2016, ndipo Fatsani ya Gift Sukez Sukali inatuluka mu 2020. Kumbali ya nthabwala, Izeki ndi Jakobo, omwe anali John Nyanga ndi Eric Mabedi a gulu la Kwathu, anaonetsa mphamvu ya anthu awiri osiyana mitima akamakangana, ndipo Tikuferanji ya Michael Usi inazoloweretsa anthu kuseka nkhani zolemera monga Edzi. Luso loseketsa ndi macheza okha, lomwe mtundu uwu wa filimu umadalira, lilipo kale m'Chichewa.

Msewu nawo ulipo. Wochokera ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe amatsika mapiri kudzera ku Mvera, komwenso kuli asilikali, n'kufika ku Salima. Kuchoka apo msewu wa M5 umalowera kumpoto, kudutsa kufupi ndi dera la Chitala, kupita ku Nkhotakota, Dwangwa ndi Nkhata Bay, kenako n'kukwera ku Mzuzu. M'njiramo muli malodibuloko, ogulitsa nsomba ndi mpunga, minda ya nzimbe, mamatola odzaza mopitirira, akabaza, ndi milatho imene imakokoloka nthawi ya dzinja n'kusiya apaulendo akugona kutsidya. Malo alionse otere ndi poimapo nkhani.

Zopinga zikuluzikulu ndi zitatu. Choyamba ndi ndalama, popeza kujambula filimu m'maboma anayi kapena asanu kumafuna mafuta, malo ogona ndi chakudya cha gulu lonse, pamene msika wake umaonongedwa ndi okopera mafilimu mwakuba. Chachiwiri ndi yunifolomu. Akuluakulu a Malawi Defence Force akhala akuchenjeza anthu wamba kuti asamavale zovala zofanana ndi za asilikali, choncho wopanga filimu ayenera kupempha chilolezo, ndipo wopereka chilolezo amafuna kudziwa mmene gulu lake lionekere. Chachitatu ndi ulemu umene Amalawi amapereka kwa asilikali awo. Ulemuwu unakula pamene asilikali analanda zida a Malawi Young Pioneers mu Disembala 1993, pamene anaima pa malamulo a dziko Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, ndi pamene ankateteza anthu ochita zionetsero mu 2019 ndi 2020. Wolemba nthabwala amaopa kuoneka ngati akunyoza gulu limene anthu amalidalira.

Mantha amenewa amachepa munthu akaona chimene mafilimu abwino a mtunduwu amaseka. Saseka kulimba mtima kapena imfa ya msilikali. Amaseka mapepala osatha, chilango chosalingana ndi mlandu, bwana wachinyamata wodzimva, ndalama zapaulendo zosakwana, ndi anthu wamba amene amaombera m'manja yunifolomu koma osafuna kumva mavuto a woivala. Amaonetsa msilikali ngati mwana wa munthu, wokhala ndi ngongole, chibwenzi ndi mayi wodwala kumudzi. Mafilimu ofooka a mtunduwu, monga Chasers, ndi amene anasiya mbali imeneyi n'kuthamangira phokoso.

Mtundu uwu wa filimu umakhala ndi oonera ochepa pa nthawi yotuluka, koma umakhalitsa chifukwa sudalira zida zodula kapena nkhondo imene ili m'nyuzipepala chaka chimenecho. Umadalira anthu atatu, lamulo limodzi ndi msewu. Ku Malawi zinthu zimenezi zilipo m'mbiri ya King's African Rifles, m'maulendo a asilikali a lero, ndi m'mabwalo a mganda a ku Chitala ndi madera oyandikana nawo, kumene anthu anaphunzira kale kulemekeza msilikali ndi kumuseka pa nthawi imodzi. Chimene chikufunika kuti nkhanizi zifike pa kanema ndi olemba odziwa macheza a asilikali m'Chichewa, ndalama zoyendera, ndi chilolezo cha eni yunifolomu.